Agalu anga onse akufanana, owerenga akudandaula

Wapensulo: Anzanga ojambula, ndabwera ndi vuto la ntchito. Ndikujambula buku lalitali la nkhani ya m'zithunzi, lonena za gulu la agalu osochera amene akufunafuna kokhala. Masamba ake ndimatulutsa pang'onopang'ono, ndipo kuyambira pachiyambi ndinapempha owerenga kuti azinditumizira zithunzi za agalu awo kuti ndiziwalowetsa m'nkhaniyo. Anthu anakondwa nazo, zithunzi zikungobwerabe. Koma tsopano pali madandaulo awiri. Agalu akamathamanga limodzi, owerenga akuti sakudziwa kuti uyu ndani, uyo ndani. Ndipo amene galu wake ndamujambula amandiuza kuti "nkhope ndi yomweyo, koma si iyeyo." Mawu amenewa akundisowetsa tulo, chifukwa ndimatsatira chithunzi mosamala ndithu. Bukuli ndi la inki yakuda yokha, ndiye kusiyanitsa ndi mitundu sikutheka. Ndithandizeni nzeru.

Wamakatuni: Achemwali, masamba anu ndawaona, dzanja muli nalo. Koma ndifunse kaye: zithunzi zimene amakutumiziranizo, kodi si za galu atakhala pansi, atakweza maso kwa mbuye wake, mutu waukulu, miyendo yosaoneka bwino?

Wapensulo: N'zomwezo achimwene, pafupifupi zonse.

Wamakatuni: Ndiye gwero lake ndi limenelo. Munthu amajambula galu wake ataimirira, foni ili m'mwamba, ndiye inu mumalandira nkhope basi. Thupi mukulipeka nokha, ndipo mukupeka thupi limodzi lomwelo kwa agalu onse. Galu akakhala patali m'bokosi laling'ono la chithunzi pa tsamba, nkhope sioneka, chimaoneka ndi msana, chifuwa, makutu ndi mchira.

Apempheni vidiyo yaifupi. Agwade, foni ikhale pa msinkhu wa chifuwa cha galuyo, amujambule cham'mbali akuyenda. Mukailandira muziimitsa apa ndi apo, muone kuti mimba yalowa m'kati motani, khosi limanyamula mutu m'mwamba kapena motsitsa, mchira umayambira pati.

Za miyendo ndinene mosabisa, chifukwa pa masamba anu bondo kulibe. Chimene ambiri amachiyesa bondo lopindikira kumbuyo si bondo, ndi chidendene. Galu amayendera zala, chidendene chake chili m'mwamba. Bondo lenileni lili pamwamba, pafupi ndi mimba, ndipo limaloza kutsogolo ngati lathu. Mukalisiya, mwendo wakumbuyo umaoneka ngati ndodo yothyoka. Kutsogolo nako, galu alibe fupa la pakhosi lomangirira phewa ngati munthu. Phewa lake limagwiridwa ndi minofu ndipo limatsetsereka pa nthiti, ndiye akaponda limakwera n'kuonekera pamsana. Poyenda pang'onopang'ono miyendo imatsatana chonchi: wakumbuyo wakumanzere, wakutsogolo wakumanzere, wakumbuyo wakumanja, wakutsogolo wakumanja. Akayamba kuthamanga pang'ono, wakutsogolo wa mbali ina umapita limodzi ndi wakumbuyo wa mbali inayo. Funafunani zithunzi za wojambula ndi kamera Eadweard Muybridge m'buku lake la Animal Locomotion la 1887. Muli mapepala 781 a anthu ndi nyama zikuyenda, agalu alimonso, ndipo phazi lililonse mumaliona pamene latera.

Mkonzi: Zonse anenazi n'zoona, zidzathetsa dandaulo loyamba. Koma lachiwiri ine ndikuona kuti silili m'mafupa. Munthu akamati "si iyeyo" sakunena za bondo. Galu wake amamudziwa ndi khalidwe. Mukhoza kujambula thupi lolondola bwinobwino, iye n'kukanabe.

Sinthani funso limene mumafunsa owerenga. M'malo moti "tumizani chithunzi," afunseni kuti, "Galu wanu amachita chiyani chimene simunaonepo galu wina akuchita?" Mudzadabwa ndi mayankho. Wina adzati amakhala motsamira ntchafu imodzi. Wina adzati amanyamula nsapato n'kukaisunga osaitafuna. Wina khutu limodzi siliimirira, wina amagona atatsamiritsa chibwano pa phazi la munthu. Chimenecho ndiye chuma chimene owerenga ali nacho inu mulibe, chifukwa akhala ndi galuyo zaka zambiri. Tengani khalidwe limodzi lokha pa galu aliyense, muzilibwereza. Owerenga akaliona kangapo, adzamuzindikira ngakhale atatembenuka kumbuyo.

Chinanso, ndipo apa ndikulankhula ngati munthu wokonza nkhani: agalu akuchulukirani. Aliyense wotumiza akufuna wake akhale patsogolo, inunso mukuchita manyazi kukana. Sankhani anayi kapena asanu oti nkhani iziyenda pa iwo. Enawo azidutsa, aoneke m'bokosi limodzi labwino, eni ake adzakondwabe. Ndipo musawaponyetse voti kuti nkhani ipite kuti. Anthu okonda agalu sangavomere kuti galu avutike, ndiye mudzatsala ndi buku lopanda chochitika.

Wapensulo: Apa mwandigwira mtima akulu. Voti ndinali nditaganiza zoiyamba mutu wotsatira. Nanga nkhope ndichite nazo bwanji? Ndikafuna kuonetsa chisoni kapena mantha, dzanja limathamangira kujambula nkhope ya munthu.

Wainki: Achemwali, musamumwetulitse ngati munthu, basi. Galu amalankhula ndi thupi lonse. Wamantha amagonetsa makutu kumbuyo, amapinda mchira pakati pa miyendo, amatembenuza mutu maso oyera n'kuonekera. Akakhala ndi nkhawa amayasamula kapena kunyambita mphuno. Wofuna kusewera amagwetsa chifuwa pansi, matako m'mwamba. Izi m'zithunzi zimawerengeka msanga kuposa nkhope. Nsidze ndingoti zisiyeni.

Wamakatuni: Pa nsidze pokha sindikuvomera. Mu 2019 Juliane Kaminski ndi anzake anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti agalu ali ndi kamnofu kokweza mbali yam'kati ya nsidze, kamene mwa mimbulu kali kochepa kwambiri kapena kulibe. Maso achisoni aja ndi enieni, si zopeka za makatuni. Kamzere kamodzi pamwamba pa diso n'kololedwa, bola musajambule tsitsi la nsidze ngati la munthu.

Wainki: Kamzere kamodzi ndavomera. Koma yesaninso ichi musanapitirire: agalu anu asanuwo adetseni ndi inki yakuda bii, opanda maso, opanda mawanga, muwaike pa pepala limodzi. Onetsani owerenga muwafunse mayina. Amene asokonezedwe ndi mnzake, musinthe: mutalikitse miyendo, mufupikitse mlomo, mupinde mchira. Imeneyi ndi ntchito yoti owerenga angakuthandizeni bwino kuposa ife, chifukwa sadziwa zimene munali kufuna, amangonena zimene akuona. Akadutsa mayesowa, aliyense mumujambulire pepala lake lachitsanzo, cham'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi lina loti onse aima pamzere umodzi kuti misinkhu isamasinthe.

Wosindikiza: Ine ndilankhule za kumapeto, poti mabuku otere amafika m'manja mwathu. Pa inki yakuda, gawani agalu m'magulu ooneka msanga: wakuda, woyera, wamawanga, wa timizere. Koma timizere topyapyala tothinana timaoneka bwino pa kompyuta, pa pepala timagwirana n'kukhala chidetso, makamaka ngati mujambula pa pepala lalikulu n'kudzachepetsa. Sindikizani tsamba limodzi pa kukula kwake kwenikweni muone. Mizere ya inki isikanidwe pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse) kapena kuposa, ndipo chithunzi chofika m'mphepete muchipitirize ndi mamilimita 3 kuti podula pasatsale mzere woyera.

Komanso chilolezo. Chithunzi mwini wake ndi amene anachijambula, ndipo nthawi zina si amene watumiza. Aliyense alembe kuti chithunzi ndi chake, akukulolani kuchigwiritsa ntchito m'buku logulitsa, ndipo anene ngati akufuna dzina lake kapena la galu lituluke. Akakhala mwana, kholo livomere.

Mkonzi: Pa kalata yomweyo onjezani funso limodzi, ndikupemphani. Ambiri amatumiza galu amene anafa kale, ndipo sanena. Afunseni ngati akulola kuti galu wawo avulale kapena afe m'nkhani. Wokana, galu wake akhale wa odutsa aja. Agalu amene adzakumane ndi zowawa ndi bwino akhale opeka nokha, osakhala a munthu aliyense.

Wapensulo: Zikomo nonse, ndayesa zakuda zija. Atatu owerenga awazindikira msanga, awiri akuwasokoneza, onse ndi amakutu ogwa. Mmodzi mwini wake watumiza vidiyo, ndaona kuti amayenda mutu uli pansi, mchira wopindikira pamsana, ndiye ndagwira zimenezo. Winayo mwini wake akuti anafa chaka chatha ndipo vidiyo alibe. Kumeneko ndipite nazo bwanji?

Wamakatuni: Apempheni zithunzi zina zilizonse zimene galuyo akuoneka thupi lonse, ngakhale zosaoneka bwino kapena ali kumbuyo kwa anthu. Kenako mujambule mitundu itatu ya kaimidwe ndi pensulo, muwatumizire asankhe okha kamene akukakumbuka. Inki mudikire kaye mpaka ayankhe.