Penti akuyera padenga, batire nalo likumafa galimoto ikagona, ndithandizeni abale

Mai_a_Tadala, Mufakose

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi ka Honda Fit kofiira ka ex-Japan, ndi komwe ndimapitira kuntchito mtauni muno mu Harare komanso kukasiya ana kusukulu, nde kakadwala nyumba yonse imaima. Mavuto ndi awiri. Loyamba ndi penti, padenga ndi pa boneti wayamba kutuwa, pali timadontho tozungulira toti ngakhale utsuke bwanji sitichoka, ndipo pakona ina padenga kakhungu kowala kapamwamba kaja kayamba kusendeka. Kuntchito ndimaimika pansi pa jacaranda ku ma Avenues chifukwa ndi pokhapo pali mthunzi, nde mwezi uno wa Okutobala mukudziwa mmene maluwa aja akugwera, poweruka ndimapeza galimoto yonse ili nyatanyata kuphatikizapo zitosi za mbalame. Mnyamata amene amanditsukira amagwiritsa ntchito sopo wa ufa wochapira zovala ndi chinsanza, madzi ake a pamjigo.

Lachiwiri ndi batire. Ndikaimika Lachisanu madzulo osayenda weekend yonse, Lolemba m'mawa imangoti tiki tiki osalira, ndipo poti ndi ya automatic yosakankhika ndimachita kukagogoda kwa aneba kuti adzandibuste. Batire silinathe ndi chaka chomwe. Pamitu pake pali ufa woyera wobiriwirako. Wina akuti ndi alternator, ija imatchaja batire injini ikamalira, wina akuti ndingogula batire lina, koma ndalama masiku ano sizotaya, komanso Disembala ndikufuna ndipite kumudzi ku Dedza kudzera pa boda ya Nyamapanda ndi ku Tete ku Mozambique, sindikufuna ikandifere panjira ndili ndi ana. Ndiyambire pati?

Malume_wa_Gazaland, Highfield

Achemwali musagule kanthu kaye. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo anthu ambiri amabwera atagula kale batire latsopano vuto lili pena, nalo latsopanolo limafa chimodzimodzi. Pezani ka multimeter, kamita koyezera magetsi, ngakhale kotchipa komwe amagulitsa m'mashopu a masipeya ku Kaguvi Street kakwana, kapena pitani kwa wamagetsi akuyezereni inu mukuona manambala ndi maso anu.

M'mawa musanalize, yezani pamitu pa batire. Lodzaza bwino limaonetsa 12.6V, likakhala pa 12.2 ndiye kuti latsala pafupifupi theka, pansi pa 12 ndiye latheratu. Kenako lizani injini muyezenso, pazioneka pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena kufupi ndi pamenepo, muyatse nyali ndi fani muone ngati sizikutsika kwambiri. Zikakhala choncho alternator ilibe mlandu, isiyeni. Ndipo chonde chonde wina asakuuzeni kuti tichotse mutu wa batire injini ikulira kuti tione ngati izime, zimenezo zinkachitika pa magalimoto akale opanda kompyuta, pa Fit mutha kuotcha kompyuta ya injini ndipo mtengo wake mulira.

Mmene mwafotokozeramu ine ndikuganiza kuti pali chinthu chikudya moto galimoto itazima. Kayezedwe kake, muzimitsa zonse, kiyi kunja, zitseko zotseka, kuchotsa waya wa negative ndi kuika mita pakati pa waya ndi mutu wa batire, mita ili pa 10A, osayerekeza kuliza injini pamenepo. Mudikire kanthawi kuti makompyuta agone. Galimoto yabwinobwino imadya pansi pa 0.05A. Ikamadya mwina 0.3A werengani nokha, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba m'mawa ndi maola pafupifupi 60, ndiye kuti 18Ah yapita, pomwe ka batire ka Fit ndi kakang'ono, sikafika ndi 40Ah komwe. Nde tiki tiki mukumvayo ndi imeneyo. Mukapeza kuti ikudya, muzizula mafyuzi imodzi imodzi mukuyang'ana mita, pomwe nambala yagwa ndi pomwe pali wakuba.

Ndikufunseni, wayilesi ndi yomwe inabwera nayo? Chifukwa mawayilesi ambiri a ku Japan makamaka akale amayambira pa 76 kuthera pa 90, pomwe kuno masiteshoni amafika mpaka 108, nde anthu amaikitsa ka band expander kothandiza kuti igwire masiteshoni a kuno kapena kusinthiratu kuika ya sikirini ija, ndipo woikayo akathamanga amangolumikiza ku waya wamoto nthawi zonse m'malo mwa waya umene umayaka ndi kiyi. Ndaziona kambirimbiri. Zina ndi tracker, alamu, amplifier, ka nyali ka kubuti kosazima, kapena chaja yosiyidwa pa soketi yomwe wina anaipatsa moto wosazima.

Za ufa wa pamitu, umenewo umatchinga moto, batire likhoza kukhala labwino koma osatchajika mokwanira. Tengani soda yemweyu wophikira therere, supuni imodzi m'kapu ya madzi ofunda. Masulani negative kaye ndi sipanala 10, kenako positive. Tsukani ndi kamswachi kakale, musalole madziwo alowe mkati mwa batire, pukutani ziume, bwezerani positive kaye negative pomaliza, mangani zolimba zisamatembenuke ndi dzanja, kenako pakani vaselini pamwamba. Ufawo musaugwire ndi manja kenako kugwira m'maso, komanso usagwere pa penti. Muonenso waya wa earth pomwe wamangidwa ku bodi, pakakhala dzimbiri palani.

Phiri_wa_mapenti, Mbare

Za magetsi amalume anena kale, ine ndiyankhe za penti poti ndi zomwe ndimadyera. Mayi ndikuuzeni zoona kuti musaononge ndalama, pomwe kakhungu kayamba kusendekapo palibe polishi amene angabweze. Kakhunguko ndi clear coat, kamapoperedwa pamwamba pa mtundu weniweni, ndi kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, kakafa kafa basi, mankhwala ake ndi kupala denga lonse ndi kupoperanso. Wina akakuuzani kuti ndibafa ndi makina opolishira ziwala, ziwaladi kwa sabata zingapo koma wachotsanso kakhungu kotsalako ndipo kusendeka kumafalikira msanga. Koma boneti ngati yangotuwa osasendeka imeneyo tikhoza kuipulumutsa, polishi wofewa kamodzi ndi munthu wodziwa kugwira makina, kenako wax.

Chimene chapha penti wanuyo si chimodzi. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa la kuno limaluma kwambiri ndipo mtundu wofiira ndi umene umafooka msanga. Kenako sopo wa ufa uja, amene uja ndi wa zovala, ndi waukali ndipo timchenga take tosasungunuka timakanda, amachotsanso wax yense penti nkukhala pamtetete. Sopo wotsukira mbale nayenso amachotsa wax. Gulani shampu ya galimoto, kabotolo kamodzi kamakhalitsa chifukwa mumangothira ka chivindikiro mu ndowa.

Ndipo mnyamata wanuyo musamuchotse ntchito, mungomuphunzitsa. Ayambe wathira madzi ambiri kuti fumbi litsike asanakhudze ndi nsalu, chifukwa fumbi la nthawi ino ndi mchenga ndithu, kupukuta pouma ndiye kukanda komwe kumaoneka mizere yozungulira padzuwa. Akhale ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu, ayambire padenga kutsika, mmunsi ndi matayala pomaliza ndi nsalu ina. Nsalu ikhale ya microfibre, ikagwa pansi asapitirize nayo. Atsukire pamthunzi, m'mawa kapena madzulo bodi itazizira.

Timadontho tozungulira tija nthawi zambiri ndi madzi a pamjigo, ali ndi mchere wa m'nthaka, akaumira pa penti wotentha amasiya mphete. Nde osasiya galimoto iume yokha, ipukutidwe pompo. Tomwe tilipo kale yesani viniga woyera kusakaniza theka ndi theka ndi madzi, kunyowetsa kansalu kuika pamenepo mphindi zochepa kenako kutsukuluza bwino, tikakana ndiye kuti talowa mkati, tifunika polishi. Zitosi za mbalame zokha musazigoneke, zili ndi asidi ndipo padzuwa zimadya penti tsiku lomwelo, muziyenda ndi botolo la madzi ndi kansalu, nyowetsani zifewe kenako nyamulani, osakhula. Maluwa a jacaranda chimodzimodzi, akanyowa ndi kuumira pamenepo amasiya banga. Wax muzipaka pakatha miyezi itatu iliyonse, mukaona madzi asiya kupanga timipira pa boneti ndiye kuti watha.

Ine ndikanakhala inu mwezi uno ndi wamawa ndikanachoka pansi pa mtengowo.

NaBanda_Chitown

Apa pa mtengo ine ndisiyana nanu pang'ono a Phiri, mwanena nokha kuti dzuwa ndi lomwe lapha denga, nde akachoka pamthunzi akaima padzuwa la Okutobala tsiku lonse si ndiye kuonjezera? Ine ndimaona bwino kukhala pamthunzi koma kuthira madzi madzulo aliwonse, maluwa akangotha basi vuto latha. Kunyumba ngati kulibe galaji ikani shade net, neti ija yotchinga dzuwa, pa mapolo anayi, sizidula kwambiri. Chikavala chija chovindikira galimoto musaike pa galimoto yafumbi, mphepo ikamachigwedeza chimakhula penti.

Koma chomwe ndabwerera ndi ichi amai a Tadala, tsegulani boneti muyang'ane pansi pa ma wiper pomwe pali pulasitiki yakuda ija, mupeza mwadzaza maluwa ndi timasamba ta jacaranda. Mmenemo muli timabowo totulutsa madzi, tikatsekeka mvula yoyamba ya Novembala madzi amasefukira mkati, kapeti kunyowa, ndipo mawaya ndi mafyuzi ali cha komweko pansi pa dashboard. Zinandichitikira pa Toyota Wish yanga, nyali zinkangoyaka zokha usiku. Chotsani ndi manja muthire madzi muone ngati akutulukira pansi kuseri kwa tayala. Komanso anyamata a car wash asamapopere injini ndi paipi ya mphamvu ija, madzi amalowa m'mapulagi ndi mu alternator. Ndipo muone ngati makoswe sakugonamo, amatafuna mawaya.

Mai_a_Tadala, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Amalume, wayilesi inasinthidwadi, ndi ya sikirini, ndipo ndaona kuti kanyali kake kofiira kamakhalabe koyaka ndikachotsa kiyi. Pamene ndikudikira malipiro, ndingamachotse waya wa negative Lachisanu kubwezera Lolemba? Sizononga kanthu? Nanga batireli lipirira ulendo wa ku Dedza?

Malume_wa_Gazaland, Highfield

Mukhoza achemwali, kwa sabata zochepa palibe choonongeka, kungoti wotchi ndi masiteshoni zizifufutika, loko ya remote siigwira mpaka mutabwezera, ndipo windo la dalaivala mwina lifuna kulikweza mpaka pamwamba ndi kugwirabe batani kamphindi kuti liyambenso kukwera lokha. Ngati muli ndi tracker kumbukirani kuti mwaichotsera moto. Koma kukonza waya wa wayilesiyo ndi ntchito yaing'ono, musaizengereze, ndipo muuzeni wamagetsiyo ayeze ndi mita asanakonze komanso atakonza, chifukwa kanyali kokha sikatsimikizira kuti ndi komweko.

Za batire, mtundu umenewu sukonda kutheratu moto, nthawi iliyonse likafa limataya mphamvu zina zosabwerera. Komanso kubusta kenako kuyenda kuchoka Mufakose kufika mtauni sikulidzaza ayi, makamaka pa jamu injini ikungolira pang'onopang'ono. Lipititseni likatchajidwe pa chaja usiku wonse, kenako aliyeze ndi load tester, makina oonera ngati batire likadali ndi mphamvu, m'mashopu ambiri a mabatire ali nayo. Likalephera ndiye mugule, ndipo poti silinathe chaka fufuzani lisiti muone za waranti. Ngati ndi la timabowo totsegula onani madzi aphimbe mapuleti, muthire distilled okha, osati a pamjigo kapena a pampopi, asidi ayi. Ku Tete kumatentha koopsa ndipo kutentha kumaumitsa madzi a batire msanga, nde muonenso musananyamuke.

Pobusta, waya wofiira pa positive ya lakufa kenako positive ya lamoyo, wakuda pa negative ya lamoyo, mbali yotsalayo pachitsulo cha injini yanu kutali ndi batire chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka. Paulendowo nyamulani ma jumper anuanu okhuthala, sipanala 10, tochi ndi mafyuzi a 10, 15 ndi 20. Fyuzi ikapsa ikani ya nambala yomweyo, osamanga waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ikapsanso pompo ndiye kuti pali shoti, siyani dera limenelo lozima mpaka mupeze wamagetsi. Lamba wa alternator nayenso amuone ngati alibe ming'alu musanafike pa Nyamapanda.