Kafukufuku wa ku GP pa yunivesite kuno ku UK, nesi angalowemo bwanji?

NaPhiri_Salford

Moni nonse. Ine ndine nesi, sukulu ndinapanga ku KCN kalelo isanasanduke KUHeS, panopa ndikugwira pa GP surgery ina (kliniki ya dokotala wa m'dera komwe odwala amayambira) kufupi ndi Manchester. Ntchito yake ndi yomweyi mukuidziwa, ma review a shuga ndi mphumu, katemera wa ana, ma smear oyeza khansa ya khomo la chiberekero, kuyeza BP mpaka dzuwa kulowa. Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wochokera ku yunivesite kudzafuna odwala oti alowe mu kafukufuku wawo, anamupatsa kachipinda kakumapeto, iye ndi laputopu yake ndi mulu wa ma consent form, ndipo wodwala aliyense amacheza naye mofatsa popanda womuthamangitsa. Nditamufunsa anati nayenso ndi nesi. Apa ndiye mtima unandiyamba kulakalaka.

Ndiye amene mukudziwa tandiuzeni, ntchito zimenezi munthu amalowa bwanji? Ndi za madokotala okhaokha kapena ife tingathe? PhD ndiyofunika kuyambira pachiyambi? Nanga ndalama zake zikusiyana bwanji ndi za ku surgery, poti kumudzi akudikira fizi term iliyonse. Komanso tsiku lina ndidzabwerera kwathu, sindikufuna kuphunzira zinthu zoti zikathera pa Chileka.

Mavuto_data

Achemwali, choyamba chotsani maganizo oti ndi za madokotala. Ine si dokotala, si nesi, ndinapanga masamu kenako masters ya statistics, koma ndili pa yunivesite mu dipatimenti ya primary care, yofufuza za chithandizo choyambirira ngati cha ku GP. Pa kolido pathu madokotala ndi ochepa kwambiri, ambiri ndi a statistics, a health economics, a psychology, oyendetsa ma trial, ena ntchito yawo ndi kucheza ndi odwala n'kumasanthula zomwe anena. Manesi ndi a pharmacy aliponso koma akusowa, amawafuna.

Ndipo kafukufukuyu mumamugwira kale tsiku ndi tsiku kungoti simunamuzindikire. QRISK ija imatuluka pa sikirini mukalowetsa zaka za munthu, BP, cholesterol, ngati amasuta, n'kukuuzani kuti mwayi woti adwale mtima kapena sitiroko pa zaka 10 zikubwerazi wadutsa 10% ndiye mukambirane za ma statin, mankhwala otsitsa cholesterol, inachokera ku kafukufuku wa pa yunivesite. Julia Hippisley-Cox, yemwe ndi GP, ndi anzake anaitulutsa koyamba mu 2007 pogwiritsa ntchito ma record a odwala a m'ma surgery ambirimbiri atachotsa mayina, QRISK3 inabwera mu 2017. Ma code omwe inu mumalemba mothamanga wodwala wina akugogoda pachitseko, ndi omwewo ife timakhala nawo pa kompyuta miyezi ingapo kudzera mu nkhokwe za ma record monga CPRD kapena QResearch. Ndiye chonde muzilemba bwino kkkk, mukalemba shuga ya mtundu wolakwika amene amalira ndi ine. STarT Back, mafunso 9 aja ofunsa munthu wa msana kuti mudziwe ngati angofunika malangizo kapena physio, ndi ya ku Keele.

Pofufuza yambani ndi NIHR School for Primary Care Research, inayamba 2006 (NIHR ndi bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo). Mu gawo lomwe linayamba 2021 munalowa mayunivesite 9: Bristol, Exeter, Keele, Manchester, Nottingham, Oxford, Queen Mary, Southampton ndi UCL. Manchester muli nayo pakhomo pomwepo. Ntchito zimatuluka pa jobs.ac.uk, muziona za research assistant ndi research nurse, zimenezo PhD safuna. Research associate ndi research fellow nthawi zambiri amafuna PhD kapena kuti mwatsala pang'ono kumaliza. Kulinso SAPC, bungwe la anthu a fildi imeneyi, amakhala ndi msonkhano chaka chilichonse ndipo oyamba kumene amawalandira bwino.

DrKay_GPtrainee

Zomwe anena a Mavuto ndi zoona, ine ndiwonjezere mbali ya ife ogwira odwala. Kwa madokotala njira yake ndi yodziwika, pali Academic Clinical Fellowship, training ya GP yomwe imakhala zaka 3 imatalika kufika zaka 4 ndipo 25% ya nthawi imapita ku kafukufuku. GP amene anamaliza kale ali ndi In-Practice Fellowship, theka la sabata ku surgery theka ku yunivesite. Kwa manesi, azamba ndi ma physio NIHR ilinso ndi makwerero ake, loyamba ndi la pre-doctoral lomwe ambiri timalidziwa ndi dzina loti PCAF, amakulipirani salary kuti mupeze nthawi yophunzira njira za kafukufuku ndi kukonza application ya PhD, kenako la doctoral. Mayina a ma award amenewa amawasinthasintha ndiye muone pa webusayiti yawo za chaka chino.

Koma musathamangire fellowship, mpikisano wake ndi woopsa ndipo amayang'ana ngati munagwirapo kale kenakake. Mmene ndikuonera ine, yambirani pa surgery yanu yomweyo. Pangani training ya GCP (Good Clinical Practice, malamulo oyendetsera kafukufuku pa anthu), pa NIHR Learn ndi yaulere, mutha kuimaliza pa intaneti. Kenako funsani practice manager kuti GP amene amasaina za kafukufuku pamalopo ndi ndani, mumuuze kuti mukufuna dzina lanu lilowe pa delegation log ya study ina. Kapepala kameneka ndi komwe kamalemba kuti uje ndi wololedwa kutenga consent, uje kutenga magazi, ndipo kakakhala ndi dzina lanu ndiye kuti pa intavyu muli ndi chokamba. Palinso Associate PI Scheme, miyezi 6 mukuphunzira pansi pa woyang'anira study muli pa ntchito yanu yomweyo.

China, musaderere funso lochokera mu kliniki yanu. Mwina mwaona kuti azimayi achikuda sabwera ku smear ngakhale muwatumizire ma text kangati, kapena anthu athu amasiya mankhwala a BP akangomva bwino. Pangani audit kaye, muwerenge kuti ndi angati, mulembe poster. Mapulofesa ali ndi njira zofufuzira koma odwala sakumana nawo daily ngati inu, munthu wobwera ndi funso lenileni amamumvetsera.

Ndipo musaganize kuti ndi tintchito tating'ono. Nthawi ya Covid, PRINCIPLE trial ya ku Oxford inayesa mankhwala pa anthu odwalira kunyumba osati ogonekedwa, inapeza kuti azithromycin sakuthandiza kwenikweni pomwe budesonide wopumira uja amafupikitsa masiku odwala. Kenako PANORAMIC inalemba anthu oposa 25,000 kuyesa molnupiravir, n'kupeza kuti kwa anthu obayidwa katemera sanachepetse ogonekedwa kapena omwalira, kungoti amachira msanga. Oimbira mafoni odwala onsewo, kufotokoza, kutsatira mmene akupezera, ena mwa iwo anali manesi.

Bambo_a_Tadala

Anzanga mwalankhula zokoma zokhazokha, ine ndinene zowawazo poti mayi akunyumba anadutsamo. Ntchito zambiri za kafukufuku pa yunivesite ndi za kontirakiti, miyezi 12, 18, mwamwayi zaka 3, malinga ndi grant. Ndi ganyu wovala suti basi. Grant ikatha bwana amakuuzani kuti tikudikira yankho la application ina, inu lendi ikukudikirani. Mzungu wobadwira konkuno atha kupirira miyezi iwiri alibe ntchito, koma inu ngati mukadali pa viza nkhani yake ndi ina.

Achemwali simunanene ngati muli ndi ILR, chilolezo chokhazikika kuno mopanda malire. Ngati muli pa Health and Care visa, kusintha bwana kumafuna sponsorship yatsopano, ndipo ntchito ya pa yunivesite nthawi zambiri imagwera ku Skilled Worker wamba komwe mumalipira health surcharge, £1,035 pa chaka munthu wamkulu mmodzi kuyambira 2024, muwerengere ndi banja lonse muone. PhD yodzilipirira musayerekeze n'komwe musanakhale home student wolipira fizi ya eni dziko, fizi ya international ndi yosayamba. Ine langizo langa, ngati mukufunadi, pezani post ya research nurse mkati mwa NHS, zambiri zimakhala band 6, pension yanu ikupitirira, viza ikhalabe ya Health and Care. Za yunivesite mudzaziona mapepala akakhala bwino. Komanso dziwani kuti ma bank shift a weekend omwe amatithandiza kutumiza kumudzi aja, mukayamba kulemba ma paper nthawi yake simudzaipeza.

Mavuto_data

Bambo a Tadala sakunama, ineyo kontirakiti yanga imathera limodzi ndi grant. Koma nesi ali pabwino kuposa ine chifukwa PIN yake ya unesi ili m'thumba, zikavuta abwerera ku kliniki mawa lomwe. Ambiri amagawa sabata, masiku atatu ku surgery awiri ku kafukufuku, ndipo ena amapita pa secondment, bwana amakhala yemweyo wakale.

Mlongo_wa_ku_Ndirande

Ndikuwerenga ndili ku Blantyre kuno, ndiyankhe mbali yobwerera kumudziyo poti enanu mwaidumpha. Sizithera pa Chileka ayi, koma mudzapeza kuti primary care ya kuno ndi dziko lina. Kulibe GP wokhala ndi list ya odwala ake, kuli health centre, medical assistant mmodzi ndi mzere wofika panja, manesi, ndi ma HSA m'midzi. Mbiri ya wodwala ili mu health passport yomwe amayenda nayo yekha, nthawi zina yanyowa ndi mvula, nthawi zina wagula yatsopano poti yakale inadzaza, ndiye zoti mukhala pa kompyuta n'kutsitsa ma record a anthu mamiliyoni ngati a Mavuto muiwale. Zomwe zimalowa mu DHIS2, sisitimu ya deta ya unduna wa zaumoyo, zambiri ndi ziwerengero za pamwezi. Deta yabwino kuno imafuna munthu apite akaitole yekha.

Ndiye chimene chidzakugulitseni ndi luso loyendetsa study, consent yochita bwino mu Chichewa chomveka kwa agogo, GCP, kulemba protocol yoti idutse ku COMREC, komiti ya ethics ya ku KUHeS, ndi kulemba grant. Malo alipo. Bungwe la kafukufuku la MLW lili pafupi ndi Queens, lina la MEIRU lili ku Chilumba ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe ndipo amafufuza kwambiri za BP ndi shuga, zomwe inu mukuzigwira kale kumeneko. KUHeS ili ndi dipatimenti ya family medicine, madokotala ake amaphunzirira ku Mangochi. Katemera wa typhoid anayesedwa konkuno ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018 pa ana pafupifupi 28,000, pofika 2023 boma linamuyamba dziko lonse, ana a mtaa mwathu muno anabayidwa nawo. Za kontirakiti ndi chimodzimodzi kuno, mwinanso kuposa, donor akatseka mpopi anthu amapakira.

Mukamasankha supervisor kumeneko yang'anani amene ali kale ndi ma project ku Africa kuno, Liverpool, Glasgow, Edinburgh ndi London School of Hygiene ali ndi ubale wakale ndi Malawi.

NaPhiri_Salford

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Bambo a Tadala mwalasa, ILR sinakwane, ndiye za kusiya ntchito ndaziika kaye pambali. GCP ndilembetsa weekend ino. A dokotala, audit ya smear ija yandigwira mtima chifukwa ndi zomwe ndimaziona ndithu, kodi imafunika kupita ku ethics kapena practice manager akangovomera basi?

DrKay_GPtrainee

Ngati mukungowerenga ma record a pa surgery yanu kuti muone mmene mukuchitira poyerekeza ndi muyezo, imeneyo ndi audit, ethics committee siifunika, chilolezo cha pa surgery chikwanira. Koma mukayamba kuitana azimayiwo kudzawafunsa mafunso kuti zotsatira zake zikagwire ntchito kwina konse, yasanduka research. Pa webusayiti ya HRA, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo kuno, pali ka tool kofunsa mafunso angapo n'kukuuzani mbali yomwe mwagwera, yankho lake mulisunge pa fayilo, a journal amadzalifunsa.