Cressida yakale ndi injini ya 1JZ: ndiyambire pati?

Mlimi wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndagula Toyota Cressida yomwe inangokhala pa njerwa kuseri kwa chigayo kuno kwathu. Ndikufuna kuikamo injini ya 1JZ-GTE, ya malita 2.5 ndi ma turbo awiri ija, kuti izikapikisana pa mamita 402 a drag, mpikisano wa liwiro pa msewu wowongoka. Ndalama zanga ndi za mbatatesi, sizibwera mwezi ndi mwezi. Ndiyambe kugula chiyani?

Makaniko wa ku Moatize:
Achimwene, musathamangire mphamvu. Cressida imakankha ndi mateyala akumbuyo, pamenepo mwasankha bwino. Koma ndi difu wamba, teyala limodzi limangozungulira n'kumafuka utsi, linzake lili duu. Pezani kaye difu ya LSD (yomwe imachititsa kuti mateyala onse awiri azikankha), klatchi yolimba ndi mateyala otakata. Kenako chotsani mipando yakumbuyo, makapeti ndi sipeya. Mpikisanowu umapambanidwa ponyamuka, m'mamita 18 oyambirira.

Dalaivala wa ku Matundo:
Ku Angónia kwanuko n'kozizira, kukupusitsani. Mutsike nayo kuno ku Tete mu Okutobala, kukamafika madigiri 40. Turbo imatenthetsa mpweya, ukapanda kuzizira injini imagogoda, mapisitoni n'kusungunuka. Intercooler (choziziritsa mpweya wa turbo) ndi radiator zikhale zazikulu.

Mayi wa ku Zóbuè:
Bambo, chonde musakaiyesere pa msewu waukulu wa N7. Mathiraki ndi osatha, a njinga ndi ana a sukulu ali m'mbali. Bwalo la mpikisano wa magalimoto la kalabu ya ATCM lili ku Maputo, sungirani ulendowo. Ndipo mabuleki palibe wawatchula.

Mlimi wa ku Ulongwe:
Ndamva, mayi. Mabuleki ndi difu chaka chino, injini tikakolola.