RCD ikungogwa koma clamp meter ikuwerenga ziro, ndiyang'ane pati?

Tesita:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili pa nyumba ina pomwe RCD ya 30 mA (switch yodula magetsi yokha akayamba kuthawira ku earth) ikumagwa akayatsa giza, kuka kapena ayironi, nthawi zina pompopompo, nthawi zina pakapita kanthawi. Mababu ndi wailesi sizigwetsa. Element ya giza ndayeza ndi multimeter pa ohms, pakati pa live ndi earth palibe kanthu. Kebulo yake ndaipana ndi clamp meter (mita yoyeza ma amp popana waya) giza ili chiyakire, ikuonetsa 0.0 A. Ma breaker enawo ndayesa kuthimitsa imodzi ndi imodzi, ikugwabe. Kodi RCD-yi ndiyo yatha?

Pulayazi:
Yatopa imeneyo. Ikanipo main switch wamba, eni nyumba apume.

Mkulu_wa_Mabodi:
A Pulayazi, zimenezo ayi. RCD ikamagwa ndiye kuti pali chomwe ikuona. Mukaichotsa, munthu wosamba madzi a pa gizayo atetezedwa ndi chiyani?

A Tesita, ziro wanuyo sakunena kuti zonse zili bwino. Clamp imawerenga mphamvu ya maginito yozungulira waya. Magetsi opita pa live ndi obwerera pa neutral ndi ofanana koma akulowera kosiyana, ndiye mukapana kebulo yonse amafafanizana. Panani live yokha, giza ya 3 kW pa 230 V ikupatsani pafupifupi 13 A.

Mukafuna kuona magetsi othawa, panani live ndi neutral pamodzi, earth ikhale kunja kwa nsagwada za mita. Chotsalacho ndiye chikuthawa, ndipo RCD mkati mwake imachita masamu omwewo. Vuto ndi mita yanu. Ngati ikuwerenga 0.1 A ngati nambala yotsikitsitsa, imeneyo ndi 100 mA, pomwe RCD ya 30 mA imaloledwa kugwa kuyambira pa 15 mA. Ingagwe kambirimbiri mita yanu isanaphethire n'komwe. Pamafunika leakage clamp yowerenga ma mA.

Nati_ndi_Bawuti:
Ngati leakage clamp mulibe, pali kanzeru kena. Zungulizani live ndi neutral kakhumi m'nsagwadamo, zomwe mita yawerenga mugawe ndi 10. Ma 20 mA aoneka ngati 0.2 A. Si muyezo woti mungalembe pa satifiketi, komanso waya wa m'bodi samakhala ndi utali wotero, koma pa chipangizo cha pulagi zimathandiza.

Mayi_Fyuzi:
Ine maso anga ali pa mawu awiri omwe mwanena, achimwene. Chipangizo chilichonse chachikulu chikugwetsa, ndipo kuthimitsa ma breaker sikukusintha kanthu. Giza, kuka ndi ayironi sizingadwale tsiku limodzi. Pamenepo ndikukayikira neutral yomwe yakhudza earth penapake m'mawaya ochoka pa RCD kupita m'nyumba.

Breaker ya single pole imadula live yokha. Ma neutral onse amakhala olumikizanabe pa neutral bar, choncho seketi yomwe mwathimitsa ikhoza kukhala yomweyo yolakwa, ndipo idzapitiriza kusokoneza. Giza ikamakoka 13 A, gawo laling'ono la magetsi obwerera limakhotera mu neutral yolakwayo, n'kudutsa pa earth osadzeranso mu RCD. Bulubu imakoka pang'ono, chokhotacho sichifika pogwetsa. N'chifukwa chake olakwa amaoneka ngati giza.

Chitani chonchi. Thimitsani main switch ndi RCD, mutsimikize kuti bodi yafa. Mita muiyese kaye pamalo pomwe mukudziwa kuti pali moto, muyeze bodi, muiyesenso pamalo pa moto paja. Zulani mapulagi onse. Kenako chotsani ma neutral pa bar imodzi ndi imodzi, iliyonse muyeze ohms pakati pa iyo ndi earth bar. Musanayambe gundanitsani ma probe muone kuti akuwerenga pafupi ndi ziro, ndipo probe yofiira ikhale pa bowo la V ndi ohms. Ikatsalira pa bowo la 10 A, mukadzabwerera kuyeza ma volt mudzaphulitsa fyuzi, mwinanso zoposa apo.

Mkulu_wa_Mabodi:
Mayi anena zoona. Ndiwonjezere za element ija: multimeter ikati palibe kanthu musasaine msanga. Pa ohms imatulutsa ma volt ochepa kwambiri a batire yake, ndipo chikopa cha waya chonyowa kapena chopserera chimapirira zimenezo, n'kudzagonja pa 230 V. Insulation tester imakankha 500 V DC, ndipo seketi isatsike pansi pa 1 megohm (ma ohms miliyoni imodzi). Muchotse kaye ma dimmer, mababu a LED ndi surge protector, apo ayi muwononga katundu wa eni ake.

Tesita:
Ndabwerera m'mawa uno. Ma neutral onse akuwerenga OL (kutanthauza kuti sakukhudza earth) kupatula wa masoketi a kuchipinda, ukusewera pakati pa 4 ndi 6 ohms. Ndadula seketi pakati, ndatsata mbali yolakwa mpaka soketi ya kuseri kwa wadilopu. Sikuluwu yomangira soketi inaboola chikopa cha neutral n'kukhudza bokosi lachitsulo. Ndadula popweteka, ndamanganso. Giza, kuka ndi ayironi zayaka limodzi, RCD ili njii. Zikomo kwambiri mayi, zikomo akulu.

Pulayazi:
Basi ndavomera. Koma RCD yomwe yagwa kambiri chonchi, ine sindingaikhulupirire.

Mayi_Fyuzi:
Apa ndiye mwalankhula, a Pulayazi, koma kuchiza kwake ndi kuiyeza. Batani la T loyesera, la pa RCD pomwepo, limangosonyeza kuti ikutha kugwa, silinena nthawi. A Tesita, bwerekani RCD tester: pa theka la 30 mA isagwe, pa 30 mA igwe isanakwane 300 ms. Seketi ya masoketiyo muipatsenso 500 V musanatseke bodi, sikuluwu za m'mabokosi enawo anamanga ndi munthu yemweyo.