Ndiyambe ndi chipangizo chiti choyeserera putt? Mipira yanga ikudutsa kumanzere kwa dzenje

Wofunsa

Moni akuluakulu nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwasewera gofu kwa nthawi yaitali, makamaka aphunzitsi a masewerawa ngati alipo pakati pathu. Ndimamenyera kumanja, ndipo kuchokera pa tee (poyambira kumenya mpira) mpaka kufika pa green (malo a udzu wometedwa kwambiri ozungulira dzenje) sindidandaula kwenikweni, koma mpira ukatsala mita imodzi kapena awiri kuti ulowe m'dzenje, m'pamene zinthu zimandisokonekera. Putt (kumenya mpira mougubuduza pa green kuti ulowe m'dzenje) zambiri zimene ndimaphonya zimadutsa kumanzere kwa dzenje ngakhale pamalo osatsetsereka, ndipo ikakhala putt yaitali, mpira umaima patali moti yachiwiri imakhalanso yodetsa nkhawa.

Ndayang'ana zipangizo zoyeserera zimene zikugulitsidwa, koma zachuluka moti mutu waima. Pali kalilole wogoneka pansi wokhala ndi mizere yoonetsa pamene maso ndi mapewa ali, pali kachipata kodutsitsapo mpira, pali thabwa lokhota limene mutu wa putter (ndodo yomenyera putt) umatsatira, pali makapeti okhala ndi dzenje kumapeto, pali kachipangizo kotchedwa PuttOUT, komanso kachipangizo komangirira pa chogwirira cha putter kamene kamatumiza manambala ku foni. Wogulitsa aliyense akutama chake. Sindikufuna kudzaza nyumba ndi zinthu zoti zidzangokhala pakona, choncho ndikufunsa kuti munthu wa vuto ngati langali ayambe ndi chiti. Ndikufunanso kudziwa ngati kuyeserera pa kapeti kumathandizadi munthu akafika pa udzu weniweni, komanso ngati zipangizozi ndingalowe nazo pabwalo tsiku la mpikisano.

Yankho la mphunzitsi wa gofu

Bambo, ndikupempheni kuti musagule kaye chilichonse sabata ino. Kugula chipangizo musanadziwe chimene chikukankhira mpira kumanzere kuli ngati kumwa mankhwala musanapimitse matenda. Kwa munthu womenyera kumanja, mpira ukhoza kudutsa kumanzere chifukwa chakuti analoza kumanzereko kuyambira pachiyambi, kapena analoza bwino koma kumaso kwa putter kunatembenukira kumanzere pa nthawi yogunda mpira, kapenanso anagunda mpira ndi mbali ya mutu wa putter imene ili pafupi ndi mpini, zimene zimapotozera mutuwo kumanzere. Vuto lililonse mwa amenewa lili ndi chipangizo chake, ndipo chothandiza pa limodzi chikhoza kungobisa linzake.

Kuti muone mmene kulakwitsa pang'ono kumakulira, dzenje la gofu ndi lotambalala mamilimita 108, kutanthauza kuti kuchokera pakati pake kufika m'mphepete ndi mamilimita 54. Mpira ukanyamuka mopatuka ndi digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita atatu umakhala utapatuka ndi mamilimita pafupifupi 52, ndiye kuti wafika kale m'mphepete mwa dzenje. Digiri imodzi maso a munthu saiona ataimirira pamwamba pa mpira. Dave Pelz, amene anagwirapo ntchito ku NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, asanayambe kuphunzitsa gofu, ankaphunzitsa kuti gawo loposa 80 pa 100 la njira imene mpira umanyamukira limachokera kumene kumaso kwa putter kwayang'ana pogunda, ndipo njira imene mutu wa putter wadutsa imangoonjezerapo pang'ono. N'chifukwa chake ndimadabwa anthu akamathamangira thabwa lokhota lija, pamene thabwalo limawongola chinthu chimene chili ndi mphamvu yochepa.

Chitani izi. Pezani malo osatsetsereka pa green yoyesererapo, ikani mpira mamita atatu kuchokera pa dzenje, lozani monga mumachitira masiku onse, ndipo mukakhutira kuti mwaloza pakati pa dzenje, musasunthe. Mnzanu achotse mpirawo, atsamiritse kabokosi kapena kabuku ka ngodya zowongoka kumaso kwa putter, kenaka akoke chingwe motsatira m'mbali mwake mpaka kufika pa dzenje. Chingwecho chidzakuonetsani kumene mumaloza kwenikweni. Mubwereze kangapo kuchokera mbali zosiyana, ndipo mudzatiuze zimene mwapeza.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndingoonjezera kuti zipangizo ziwiri zothandiza kwambiri mwina muli nazo kale. Choyamba ndi ma tee awiri, timitengo tija toikapo mpira poyamba kumenya. Mumawabaya m'nthaka, imodzi kumapeto kulikonse kwa mutu wa putter, n'kusiya mpata wochepa kwambiri, moti mukalephera kugunda mpira ndi pakati pa putter, mutuwo umakhudza tee ndipo mumamva pomwepo. Tiger Woods amadziwika ndi kayeseredwe kameneka pa putt zazifupi, ndipo nthawi zina amachita ndi dzanja lamanja lokha. Mukhozanso kubaya ma tee ena awiri patsogolo pa mpira, pa mtunda wa masentimita 30 kapena 40, mosiya mpata woposa pang'ono kukula kwa mpira, umene ndi mamilimita pafupifupi 43. Mpira ukamagunda tee ya kumanzere nthawi ndi nthawi, ndiye kuti ukunyamuka molakwika, green ilibe mlandu.

Chachiwiri ndi rula yachitsulo ya mita imodzi. Igonekeni pansi posalala, ikani mpira pa kabowo ka kumapeto kwake, ndipo yesani kuugubuduza mpaka kumapeto ena osagwera m'mbali. Rulayo silekerera ngakhale pang'ono, ndipo mbali imene mpira ukugwera imakuuzani kumene kumaso kwa putter kunayang'ana.

Yankho lachitatu

Ine ndisiyana nawo pang'ono anzanga awiriwa, chifukwa onse agwira chiganizo choyamba cha funso lanu n'kusiya chachiwiri. Mwanena kuti putt zazitali zimaima patali, ndipo ine ndikuona kuti apa m'pamene mukutaya ma stroke ambiri (stroke ndi kumenya mpira kulikonse kumene kumawerengedwa). Mark Broadie wa ku yunivesite ya Columbia, amene anayambitsa kawerengedwe ka strokes gained (koyerekeza ma stroke a wosewera ndi a anzake) kamene PGA Tour, mpikisano wa akatswiri a gofu ku America, inayamba kugwiritsa ntchito pa putt mu 2011, anaonetsa kuti ngakhale akatswiri a pa mpikisano umenewo amalowetsa pafupifupi theka lokha la putt za mamita awiri ndi theka. Ngati akatswiri akuphonya imodzi mwa ziwiri pamenepo, inu musadzizunze ndi putt ya mamita awiri imene yazembera m'mphepete. Funso lalikulu ndi lakuti n'chifukwa chiyani putt yoyamba ikukusiyirani mamita awiriwo.

Liwiro limakhudzanso putt zazifupi zomwezo. Mpira wothamanga kwambiri ukakhudza m'mphepete mwa dzenje umazungulira n'kutuluka, pamene mpira wofika mofatsa umagwera mkati ngakhale utalowera chammbali. Pelz yemweyo ankalangiza kuti mpira uzimenyedwa ndi mphamvu yoti ukaphonya, upitirire dzenje ndi mainchesi 17, amene ndi masentimita pafupifupi 43. Ena amakonda liwiro locheperapo, koma chofunika n'chakuti likhale lofanana nthawi zonse, popeza pamalo otsetsereka njira imene mwasankha imagwira ntchito pa liwiro limodzi lokha. Pa zipangizo zimene mwatchula, PuttOUT ndi imene imakhudzako nkhani imeneyi: ndi kamtunda kokhota kamene kamabweza mpira wolowa bwino pa mtunda wofanana ndi umene ukanapitirira dzenje. Komabe pa putt za mamita asanu ndi atatu kapena khumi palibe chipangizo choposa chingwe kapena ndodo yogoneka theka la mita kuseri kwa dzenje, n'kumayesetsa kuti mpira uliwonse uime pakati pa dzenje ndi ndodoyo, mukusintha mtunda pa mpira uliwonse.

Za kapeti, yankho langa ndi lakuti imaphunzitsa kunyamula mpira mowongoka koma siphunzitsa liwiro. Green iliyonse ili ndi liwiro lake, limene amaliyeza ndi Stimpmeter, chida chimene Edward Stimpson anapanga m'zaka za m'ma 1930, ndipo liwirolo limasintha malinga ndi kametedwe ka udzu, mame ndi dzuwa la tsikulo. Kapeti ndi yaifupi, liwiro lake ndi limodzi chaka chonse, ndipo makapeti ena ali ndi kachitunda pafupi ndi dzenje kamene kamazolowetsa munthu kumenya mwamphamvu kuposa mmene green imafunira.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Ndachita zimene aphunzitsi ananena, ndipo zotsatira zake zandidabwitsa. Ndimayembekezera kuti chingwe chidzadutsa kumanzere, koma pafupifupi nthawi zonse chimadutsa kumanja kwa dzenje, kunja kwa m'mphepete mwake ndi zala ziwiri kapena zitatu. Pa rula yachitsulo, mpira ukugwera kumanzere usanafike ndi pakati pomwe. Aphunzitsi, zikutheka bwanji kuti ndiziloza kumanja koma n'kumaphonyera kumanzere?

Yankho la mphunzitsi wa gofu

Zimenezi n'zofala kwambiri, bambo, ndipo ndi chifukwa chake ndinakuletsani kugula. Maso anu akuona mzere wopita kumanja ngati wowongoka, ndipo manja anu, pozolowera kuti mpira womenyedwa molunjika umadutsa kumanja, anaphunzira okha kupotozera kumaso kwa putter kumanzere pogunda. Tsiku limene kupotozako kwakwanira bwino, mpira umalowa ndipo mumaganiza kuti zonse zili bwino. Tsiku limene muli ndi nkhawa, dzanja lamanja limapotoza mopitirira, mpira n'kudutsa kumanzere. Mukanagula chipangizo choletsa manja kupotoza musanakonze kalozedwe, mukanayamba kuphonyera kumanja putt zimene kale zinkalowa.

Tsopano ndikhoza kunena kuti kalilole ndi chingwe ndi zimene zikukuyenerani. Mangani chingwe pa timitengo tiwiri kuti chidutse pamwamba pa mpira ndi pakati pa dzenje, chitakwera pang'ono kuti putter izidutsa pansi pake. Imani monga mwa masiku onse n'kuyang'ana chingwecho. Ngati chikuoneka ngati chikupita kumanzere kwa dzenje, sunthani mutu wanu pang'onopang'ono, mofupikira kapena motalikira mpira, mpaka chingwe chioneke kuti chalunjika pa dzenje. Mukapeza malo amenewo, m'pamene kalilole amayamba ntchito yake, chifukwa mudzaika chizindikiro pamene maso anu akuonekera kuti mawa mudzaimenso chimodzimodzi. Musakakamize kuti maso akhale pamwamba penipeni pa mpira chifukwa choti mzere wa pa kalilole uli pamenepo. Osewera ambiri amaona mowongoka maso akakhala mkati pang'ono, cha kumbali ya mapazi awo.

Ndikuchenjezeni kuti mukangokonza kalozedwe, kwa kanthawi mudzaphonyera kumanzere kuposa kale, popeza manja adzakhala asanasiye chizolowezi chawo. Apa m'pamene rula ndi kachipata ka ma tee zidzakuthandizeni, ndipo kapeti ya m'nyumba ndi yokwanira pa ntchito imeneyi. Koma musamalize tsiku loyeserera chipangizo chili pansi. Mukamenya mipira ingapo pansi pa chingwe, chichotseni, tengani mpira umodzi wokha, ndipo muzungulire dzenje mukuloza mwatsopano pa putt iliyonse, chifukwa munthu akhoza kukhala katswiri pansi pa chingwe koma n'kubwerera ku kalozedwe kakale chikangochoka.

Za thabwa lokhota, yesani kaye putter yanu. Igonekeni pa chala pamene mpini ukukhazikika bwino. Kumaso kwake kukayang'ana kumwamba, putter imeneyo inapangidwira anthu amene mutu wa putter umayenda pafupifupi mowongoka, ndipo nsonga yake ikalendewera pansi, inapangidwira amene umayenda mokhota. Thabwa losagwirizana ndi putter yanu lidzakuonjezerani ntchito.

Yankho lachinayi

Funso la mpikisano silinayankhidwe. Malamulo a gofu a R&A ndi USGA, mabungwe awiri oyendetsa masewerawa, pa lamulo 4.3, saloleza kugwiritsa ntchito chipangizo choyeserera pothandizira kukonzekera kapena kumenya mpira masewera ali mkati. Kukhala nacho m'chikwama si mlandu, mlandu ndi kuchigwiritsa ntchito. Kulakwa koyamba chilango chake ndi ma stroke awiri, kapena kuluza dzenje ngati ndi match play (mpikisano wowerenga madzenje amene munthu wapambana), ndipo kulakwa kachiwiri munthu amachotsedwa mu mpikisano. Lamulo 10.2b limaletsanso kugoneka chinthu pansi, ngakhale ndodo yanu yomwe, kuti chikuthandizeni kuloza. Pa green yoyesererapo musanayambe masewera muli ndi ufulu wogwiritsa ntchito kalilole, chingwe ndi ma tee. Chimene chimaloledwa pabwalo ndi mzere wojambulidwa pa mpira: mukaika chizindikiro n'kunyamula mpira pa green, mukhoza kuubwezera pansi mzerewo utaloza kumene mukufuna. Kwa inu amene maso amakunamizani mukaima pamwamba pa mpira, mzere umenewu ndi wofunika, chifukwa mumauloza mutagwada kumbuyo kwa mpira, kumene maso onse awiri amaona molunjika. Ndikumbutsenso kuti kuyambira pa 1 Januware 2016 n'koletsedwa kutsamiritsa putter pamimba kapena pachifuwa pomenya, choncho chipangizo chilichonse chokuzolowetsani zimenezo chipeweni.

Wofunsa

Ndathokoza kwambiri. Ndigula kalilole yekha, ndipo chingwe, ma tee ndi rula ndili nazo kale. Funso lotsala ndi la kachipangizo kolumikizana ndi foni kaja: kodi kali ndi ntchito kwa munthu ngati ine, kapena ndikasiye?

Yankho la mphunzitsi wa gofu

Kasiyeni pakadali pano. Tizipangizo ta pa chogwirira timayeza bwino nthawi imene putter imatenga popita kumbuyo ndi pobwera, komanso mmene kumaso kwake kwatembenukira poyerekeza ndi pamene munayambira, koma sitidziwa kumene dzenje lili, choncho kalozedwe kanu ka kumanja sitingakaone. Ngati mukufuna manambala odalirika, pitani kamodzi kwa mphunzitsi amene ali ndi makina monga SAM PuttLab, amene amawaloza kaye pa dzenje asanayambe kuyeza, ndipo mudzapiteko chingwe cha mnzanu chija chikayamba kudutsa mkati mwa dzenje.