Ndimadziwa Python pang'ono, ntchito za mapu a boma ndingalowe bwanji?

mwana_wa_Ulongwe:
Moni nonse. Ndine wa ku Angónia koma ndikuphunzira za kompyuta kuno ku Tete chaka chachitatu. Python ndi SQL ndimazigwira ndithu koma ndatopa ndi kulemba timapulogalamu tongopezera mamalikisi. Ndikufuna estágio (kuphunzira ntchito pa ofesi) kapena kaganyu kokhudza mapu a boma, zoyeza malo, madzi osefukira ndi zina zotero. Kodi amatenga ana asukulu? Ndiyambe kuphunzira chani? Akuluakulu ndithandizeni chonde.

Chingodzi22:
Mphwanga wafunsa bwino. Mapu a dziko lathu la Mozambique amawasunga ndi a CENACARTA, bungwe la boma la za mapu, ku Maputo, koma usangoyang'ana kumeneko ayi. INE, bungwe lochititsa kalembera wa anthu, imafuna mapu a midzi ndi mabairro (madera a m'tauni) kalembera asanayambe, ndipo kalembera amachitika zaka 10 zilizonse, 1997, 2007, 2017, ndiye werengera wekha wotsatira ali pafupi bwanji. INGD, bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nayo imafuna kudziwa malo amene madzi amafika. Ife a ku Chingodzi sitiiwala 2022 pomwe mtsinje wa Revúbuè unadzaza ndi namondwe Ana mpaka mlatho kuduka, ndiye munthu wotha kuonetsa pa mapu nyumba zomwe zili m'njira ya madzi kwa ine ndi wofunika ngati dokotala. Tsitsa QGIS, pulogalamu yopangira mapu, lero lomwe, ndi yaulele ndipo mkati mwake Python imalowa.

mlongo_wa_GIS:
Ndionjezere, ine ndinapangapo estágio yoteroyo miyezi ingapo. Usaganize kuti ukapanga app yokongola achimwene, ntchito yambiri ndi kukonza data yosokonekera. Anthu amapita kumidzi ndi GPS kukayeza minda ya DUAT (chilolezo cha boma chogwiritsa ntchito malo), amabwera ndi mafayilo mazanamazana, wina walemba dzina la mudzi mwa Chipwitikizi wina mwa Chichewa, Ulónguè apa Ulongwe apo, kompyuta imaona ngati malo awiri osiyana. Ine ndinalemba ka script kogwirizanitsa mainawo ndipo ntchito ya sabata yathunthu inkatha tsiku limodzi, apa mpamene anayamba kundiyitana ndi dzina.

Koma chomwe chinandivutitsa kwambiri ndi datum, maziko omwe mapu amawerengerapo pomwe malo ali pa dziko. Mapu akale a nthawi ya Apwitikizi anawajambula pa datum yotchedwa Tete, eya dzina la kwathu konkuno, pomwe GPS ya mufoni imayenda pa datum ya WGS84. Zonse ukhoza kuziika pa UTM zone 36S (chigawo cha gridi ya mapu chomwe kwathu kuli) nkumaoneka ngati zagwirizana, koma ukapanda kusintha datum malire amasuntha ndithu, munda wa agogo ena nkupezeka walowa mwa aneba awo. Tsiku lina ndinalakwitsa chomwechi, mwayi wake amene ankandiyang'anira anaziona pepala lisanatuluke, koma usiku umenewo tulo sindinatione poganiza kuti anthu akadakangana pamaso pa anyakwawa chifukwa cha ine. Ndiye uphunzire ma EPSG, manambala ouza kompyuta datum ndi zone yomwe mapu ali: 2736 ndi ya Tete ija, 32736 ndi ya WGS84. Kenako PostGIS, yosungira data ya mapu mu database, poti SQL ukuidziwa kale.

mwana_wa_Ulongwe:
Zikomo achemwali, za datum sindinazimvepo mkalasi olo kamodzi. Nanga pokapempha malo ndikaonetse chani poti sindinagwirepo ntchito?

mlongo_wa_GIS:
Tsegula akaunti pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe aliyense amatha kujambulapo, ujambule mudzi wakwanu, misewu, mijigo, sukulu, chigayo, ndi maina enieni omwe anthu amatchula. Wa ku Maputo sangadziwe kuti kanjira kakuti kamaduka dzinja likafika, iwe ukudziwa. Usindikize mapuwo pa pepala, uike script yako pa GitHub (webusayiti yoonetserapo mapulogalamu omwe walemba), utenge kalata ya kusukulu upite nazo wekha ku ofesi ya za malo ya province, usangotumiza imelo. Funsanso kumayambiriro ngati pali kangachepe ka chapa (minibasi), estágio yanga inalibe malipiro ndipo ndinkayenda wapansi dzuwa la Tete lili pamutu.

mwana_wa_Ulongwe:
Ndamva. Loweruka ndikukwera chapa kupita kumudzi, ndiyamba ndi mijigo ndi njira yopita kuchigayo. Ndikakanika pa QGIS ndibweranso pompano achemwali musatope nane.