Ma hibiscus akufota chonsecho ndikuthirira kawiri pa tsiku

Wakeni: Akuluakulu ndigawireni nzeru. Pa nyumba ina yomwe ndimasamalira gadeni tinadzala ma hibiscus mzere wonse m'mbali mwa mpanda, atha miyezi iwiri tsopano koma masamba akuchita chikasu nkumayoyoka, ena akufota ngati sakuona madzi chonsecho ndimathirira m'mawa ndi madzulo monga anandiuzira abwana. Pano akuti ndizithirira katatu poti akuganiza kuti ndikuumira madzi. Kodi zitsamba zimenezi zimafuna kangati pa sabata kwenikweni?

Mdulamipanda: Katatu?? Achimwene mumaliza mzere wonsewo. Musanagwire keni kumbani kaye pafupi ndi tsinde, masentimita 10 kapena 15, mugwire dothilo ndi dzanja mutiuze. Komanso dothi lake ndi lotani, makande kapena mchenga?

Wakeni: Makande enieni, aja omata ku khasu. Ndakumba pompano, pansi ndi matope okhaokha ndipo pakununkha

Mayi a Nazale: Basitu yankho ndi limenelo achimwene. Mizu imafuna mpweya, ndiye makande akakhuta madzi tsiku ndi tsiku timipata tonse ta mpweya timatsekeka, timizu ting'onoting'ono tija timafa, ndipo ndi timeneti timene timamwa madzi. Chitsamba chimafota chili m'madzi, mwini wake nkumaona ngati ludzu nkuwonjezera payipi, zinthu nkumaipiraipira. Zulani chimodzi chomwe chafookeratu muone mizu. Yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yowola imakhala yoderako, yofewa, ukaikoka khungu limavuuka. Pamalo onyowa chonchi ndi pamene matenda owoletsa mizu otchedwa Phytophthora amakonda, ndipo akalowa palibe kubweza mizu yomwe yawola kale.

Kapinga01: Koma tisangoti kuthirira tsiku lililonse nkulakwa, ine komwe ndimagwira ndi mchenga ndipo kukatentha ndikadumphitsa masiku awiri hibiscus amataya maluwa asanamasule nkomwe

Mayi a Nazale: Zoona zimenezo bambo, hibiscus sapirira ludzu, koma mchenga ndi makande sangakhale pa ndandanda imodzi. Wanuwo madzi amangodutsa. Za kangati ine ndimauza anthu chonchi: chitsamba chongodzala kumene, sabata yoyamba ndi yachiwiri tsiku lililonse, kenako pakadutsa masiku 2 kapena 3 mpaka miyezi itatu, kenako kamodzi pa sabata mpaka mizu itakhazikika. Pa mchenga mumafupikitsa, pa makande mumatalikitsa, mvula ikagwa yokwanira mumasiya. Anzathuwa ali mwezi wachiwiri koma akuthirira kuposa za sabata yoyamba.

Mkulu Wakhasu: Ndiwonjezere za kuchuluka kwa madzi poti anthu amangofunsa kangati osafunsa angati. Zitsamba zokhazikika zimakhutira ndi madzi a mamilimita 25 pa sabata nyengo yopanda mvula, ndiye kuti malita 25 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, muthire pang'onopang'ono kuti alowe mpaka masentimita 20 kapena 30 pansi. Kuwaza pamwamba kwa mphindi ziwiri kuja kumangonyowetsa fumbi, mizu imazolowera kukhala pamwamba ndiye tsiku limodzi lotentha chitsamba chagwa nkhope. Sipulinkila ya kapinga musaiwerengere ngati yathirira zitsamba, komanso onani ngati sikufika pa mzerewo, mwina mukuthirira kawiri koma iwo akulandira katatu kale.

Wakeni: Eeh imafikadi, imayatsidwa madzulo alionse. Ndazula chimodzi, theka la mizu ndi yoderako koma ina ikadali yoyera. Ndiye pali chiyembekezo?

Mdulamipanda: Zomwe zili ndi mizu yoyera zitha kupulumuka. Siyani kuthirira mpaka masentimita 5 apamwamba ataumako, sunthani sipulinkila ija, feteleza ayi kaye chifukwa mizu yodwala imapsa nayo. Ngati munaumba beseni kuzungulira tsinde gumulani mbali imodzi madzi azituluka. Dulaniko nthambi zouma koma musamete kwambiri.

Mayi a Nazale: Chenjezo limodzi, musachoke ku katatu nkufika pongoiwaliratu. Dothi lomwe linabwera ndi chubu nthawi zambiri limakhala lopepuka ndipo limauma msanga kuposa makande ozungulira, ndiye chala chizilowa pa chibuma cha mizu penipeni osati patali. Ndipo kufota kwa masana dzuwa likuswa mtengo sikuti ndi ludzu nthawi zonse, onani m'mawa, ngati masamba adzuka ndiye kuti madzi alipo.

Mkulu Wakhasu: Zomwe zafazo musathamangire kubwezeretsa. Kumbani dzenje la masentimita 30, dzazani madzi, akauma mudzazenso, mukapeza mawa lake madzi akadalimo ndiye kuti malowo satsitsa madzi ndipo chatsopano chidzafanso. Zikatero dzalani pa kamtumbira kokwera pang'ono, tsinde lisakwiririke kupitirira pomwe dothi linalekezera mu chubu. Zophimbira nthaka, monga udzu kapena masamba ouma, muike dothi likaumako, masentimita 5 mpaka 8, koma zisakhudze tsinde.

Kapinga01: Ngati pali bougainvillea pa payipi yomweyo muipatule, imeneyo ukaipatsa madzi ambiri imangochita masamba maluwa osaoneka, imafuna dothi liziuma kaye

Wakeni: Ilipo iwiri pa geti ndipo sinachitepo maluwa kkkk. Vuto latsala ndi abwana, akandiona sindinathirire aziti ndayamba ulesi

Mdulamipanda: Musakangane nawo pakamwa. Atengereni chomwe mwazulacho aone mizu, kenako akumbireni pa tsinde lina agwire okha matopewo ndi kununkhiza. Mukatero apempheni masabata atatu kuti muthirire mwa njira yanu, mujambule zithunzi lero ndi tsiku lomaliza.

Mayi a Nazale: Ndipo muwauziretu kuti masamba achikasu aja sabwerera kubiriwira, agwa ndithu, mwina ochuluka sabata ino. Aziyang'ana nsonga ngati zikutulutsa mphukira.

Wakeni: Chabwino, sipulinkila ndaisuntha kale. Dzenje loyesera lija ndikumbe pati, pomwe ndazulapa kapena pambali?

Mkulu Wakhasu: Pambali, koma mu mzere womwewo. Dikirani kaye masiku angapo dothi lipumeko, mukayesa lero lili matope likunamizani.